Thupi Likasiya Kuchenjeza: Ukalamba, Minyewa ndi Shuga wa M'magazi

M'chaka cha 1849, mumzinda wa Paris, katswiri wofufuza za kagwiridwe ntchito ka thupi, Claude Bernard, anatenga kachitsulo kosongoka n'kubaya kalulu pakadera kena kakang'ono ka kunsi kwa ubongo, chakunkhongo. Kapamba wa kaluluyo sanamukhudze, chiwindi sanachikhudze, chakudya chakenso sanasinthe. Koma patangopita maola ochepa, mumkodzo wa kaluluyo munapezeka shuga, monga zimakhalira ndi munthu wodwala matenda a shuga. Vutolo silinakhalitse, linatha lokha. Komabe linaonetsa poyera chinthu chimene ambiri sachidziwa mpaka lero, chakuti ubongo nawo umalamula kuchuluka kwa shuga wa m'magazi.

Zimene Bernard anapezazi zinadzaphimbika ndi nkhani zina zikuluzikulu. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, galuyo n'kudwala shuga koopsa. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anakwanitsa kutenga insulini m'kapamba, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, amene anali kayakaya, anabayidwa jakisoni wa insuliniyo n'kutsitsimuka. Kuyambira pamenepo, nkhani ya shuga ikatchulidwa aliyense amathamangira kwa kapamba ndi insulini, ndipo m'pomveka, poti insulini yapulumutsa miyandamiyanda ya anthu. Koma tikafika pa anthu okalamba, kalulu wa Bernard uja ndi amene ali ndi zambiri zotiuza.

Amene amalamula kapamba

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo shuga yense amene amayenda m'magazi amenewa pa nthawi imodzi ndi wokwana magalamu 4 okha, supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Pomwe ubongo pawokha umadya shuga wokwana pafupifupi magalamu 120 pa tsiku, ndipo ulibe nkhokwe yeniyeni yosungiramo wake. Ukangomanidwa kwa mphindi zowerengeka, munthu amasokonezeka, kenako amakomoka. Chiwalo chokhala pachiopsezo chotere sichingasiyire ena ntchito yoyang'anira shuga. Mu 1964 magulu awiri a ofufuza, lina lotsogoleredwa ndi Yutaka Oomura ku Japan, lina ndi B. K. Anand ku India, anaonetsa kuti m'chigawo cha ubongo chotchedwa hypothalamus muli maselo amene amasintha kagwiridwe kake ka ntchito shuga akakwera kapena akatsika. Zoyezera shuga zina zili mumtsempha waukulu wa magazi wochokera m'matumbo kupita kuchiwindi. Zonsezi zimatumiza mauthenga ku ubongo, ubongo n'kubweza malamulo.

Malamulowo amapita kwa kapamba, chiwalo chachitali chimene chagona chopingasa kuseri kwa chifu. Gawo lalikulu la kapamba limapanga madzi ogayira chakudya. Koma mkati mwake mwamwazikana timagulu ta maselo pafupifupi 1 miliyoni, timene wophunzira zaudokotala wa ku Berlin, Paul Langerhans, anationa koyamba mu 1869. Timatchedwa tizilumba, ndipo tonse pamodzi sitiposa magawo 2 pa 100 a kapamba yense. M'tizilumbamu muli maselo a beta, amene amatulutsa insulini yotsitsa shuga, ndi maselo a alpha, amene amatulutsa glukagoni yolamula chiwindi kuti chimasule shuga amene chasunga.

Minyewa yofika kumeneku ndi yamitundu iwiri, ndipo yonse imagwira ntchito mwini thupi osadziwa. Mtundu woyamba ndi wa nthawi ya mtendere, ya kudya ndi kupuma. Msewu wake waukulu ndi mnyewa wa vagus, umene umachokera kunsi kwa ubongo, kutsika m'khosi, kudutsa pamtima ndi m'mapapo mpaka m'mimba. Umenewu umalimbikitsa maselo a beta kuti atulutse insulini. Mtundu wachiwiri ndi wa nthawi ya nkhondo, wa mantha, wa kuthawa njoka panjira. Umaletsa insulini, umadzutsa glukagoni, ndipo umauza tizigawo tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse adirenalini, kuti minofu ndi ubongo zipeze shuga msangamsanga.

Ntchito yokoma kwambiri ya mnyewa wa vagus imachitika chakudya chisanafike n'komwe m'mimba. Nsima yapakulidwa, fungo la ndiwo lakufikani m'mphuno, mwatema mbamu yoyamba n'kuyamba kutafuna. Malovu adzadza kale m'kamwa, chifu chayamba kale kutulutsa madzi ake, monga Ivan Pavlov anaonetsera ndi agalu ake ku St Petersburg. Ndipo m'mphindi zoyambirira zomwezo kapamba amatulutsa insulini yochepa, shuga wa m'magazi asanasunthe. Insulini yochepayi imathamangira kuchiwindi kukachiuza kuti chileke kuthira shuga wake m'magazi chifukwa wina akubwera. Zili ngati mayi amene watumiziridwa mwana kuti alendo ali m'njira: pofika alendowo madzi atentha kale, mphasa yayalidwa. Mayi yemweyo alendo akangomutulukira, adzawalandirabe, koma mochedwa ndi mwaphuma. Anthu amene insulini yoyambirirayi yatsekerezedwa dala ndi mankhwala pofufuza, shuga wawo amakwera kwambiri ndipo amachedwa kutsika, ngakhale adye chakudya chofanana ndi cha anzawo.

Pano m'pofunika kusamala pang'ono, chifukwa zambiri za minyewa ya kapamba zinaphunziridwa pa mbewa ndi makoswe. Mu 2011 gulu la Rayner Rodriguez-Diaz ndi Alejandro Caicedo ku University of Miami linaonetsa kuti tizilumba ta munthu tili ndi minyewa yochepa poyerekeza ndi ta mbewa, ndipo yambiri mwa minyewa ya mtundu wachiwiri uja imathera pa timitsempha ta magazi ta m'tizilumbamo. Ndiye kuti mwa munthu, ubongo umalamulanso kapamba pochepetsa kapena kuchulukitsa magazi odutsa m'tizilumba. Wokuuzani za mankhwala amene achiza shuga mwa mbewa, mumfunse ngati ayesedwa kale pa anthu.

Zaka zikamapita

Pali kanthu kena kamene mungayese nokha. Gwirani dzanja la mwana wa zaka 10 pamene pamamveka kugunda kwa mtima, mumuuze kuti akoke mpweya pang'onopang'ono, kenako autulutse. Mudzamva mtima ukufulumira pokoka mpweya, n'kuchedwa potulutsa. Kusinthasintha kumeneku ndi ntchito ya mnyewa wa vagus. Yesani zomwezo pa agogo a zaka 75: mtima ukungogunda chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kovuta kukumva ndi zala. Madokotala amayeza zimenezi ndi makina, ndipo zotsatira zake n'zodziwika bwino: mphamvu ya vagus pa mtima imatsika chaka ndi chaka munthu akamakula.

Minyewa ya nkhondo ija imachita zosiyana. Mwa wokalamba imakhala yotanganidwa ngakhale iye atangokhala phee pakhonde, ndipo noradirenalini, mankhwala amene minyewayi imagwiritsa ntchito potumiza uthenga, amachuluka m'magazi. Chodabwitsa n'chakuti ziwalo zina, makamaka mtima, zimayamba kugontha ku uthengawo. Choncho mbali yolimbikitsa insulini yafooka, mbali yoletsa insulini yakwera mawu, koma pa nthawi ya ngozi yeniyeni thupi siliyankha mwamphamvu ngati kale. Chizungulire chimene achikulire ambiri amamva akadzuka mofulumira, kapena akangomaliza kudya chakudya chambiri, chimachokera m'kufooka komweku.

Onjezanipo kuti mphuno ndi lilime sizimvanso fungo ndi kukoma ngati kale, mano aguluka moti kutafuna kwachepa. Zonsezi zili panjira imene uthenga woyambirira uja umadutsa. Tizilumba natonso timasintha. Mwa munthu wathanzi insulini situluka ngati madzi a pampopi wosatseka, imatuluka modumphadumpha, pafupifupi mphindi 5 zilizonse, ndipo chiwindi chimamvera bwino insulini yobwera motero. Kafukufuku wa Graydon Meneilly ku Vancouver anaonetsa kuti mwa okalamba kadumphidwe kameneka kamasokonekera.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere minyewa, chifukwa kutero kungakhale kunama. Gawo lalikulu la shuga amene timadya limalowa m'minofu insulini ikalamula. Minofuyo imayamba kuchepa munthu akapitirira zaka 30, ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 pa zaka 10 zilizonse, ndipo imachepa mofulumira akapitirira zaka 60. Mafuta a m'mimba amachuluka, kuyenda kumachepa. Zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti thupi lizifuna insulini yambiri kuposa kale, pa nthawi yomwe kapamba ndi minyewa yake akulephera kuibweretsa msanga.

Tulo natonso tili ndi mbali yake. Mu 1999, Karine Spiegel, Rachel Leproult ndi Eve Van Cauter ku University of Chicago anatenga anyamata 11 athanzi n'kuwalola kugona maola 4 okha usiku uliwonse kwa masiku 6. Minyewa yawo ya nkhondo inakwera mphamvu, ndipo matupi awo anayamba kuchedwa kutsitsa shuga mofanana ndi a anthu okalamba. Atagona mokwanira anabwerera mwakale. Tulo tofa nato n'timene timayamba kusowa munthu akamakalamba. Agogo amene amati usiku wonse anangomva atambala akulira sakungodandaula chabe, thupi lawo likulipira.

Zotsatira za zonsezi zimaonekera kwambiri munthu akadya kusiyana ndi m'mawa asanadye. Bungwe la World Health Organization limati munthu ali ndi matenda a shuga ngati shuga wake wa m'mawa asanadye wafika 7.0 mmol/L, kapena ngati wafika 11.1 patapita maola 2 atamwa madzi a shuga oyezera. Okalamba ambiri amapambana mayeso oyambawo n'kulephera achiwiriwo. Ndiye wokalamba akangoyezedwa m'mawa mokha, angathe kuuzidwa kuti ali bwino pamene masana alionse shuga wake akumakwera mpaka kuwononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Zizindikiro zodziwika zija, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, nazonso zimabisala, chifukwa ludzu la wokalamba limachedwa kudzuka ndipo impso zake zimachedwa kutaya shuga mumkodzo. Ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse anali ndi shuga, koma anayeza a zaka 25 mpaka 64 okha. Amene ali pachiopsezo chachikulu sanalowe m'chiwerengerocho.

Shuga akatsika

Kukwera kwa shuga kawirikawiri kumapha pang'onopang'ono, pa zaka zambiri. Kutsika kwake kungaphe tsiku lomwelo, ndipo apa m'pamene ukalamba wa minyewa umaopsa zedi.

Thupi la munthu wachinyamata lili ndi masitepe odzitetezera. Shuga akatsika kufika cha m'ma 4.5, kapamba amayamba kuchepetsa insulini imene amatulutsa. Akafika cha m'ma 3.8, glukagoni ndi adirenalini zimatuluka. Akatsikabe, minyewa ya nkhondo imachenjeza mwini thupi: manja amanjenjemera, mtima umagunda kwambiri, thukuta lozizira limatuluka, njala yoopsa imagwira. Chenjezoli limafika maganizo akadali bwino, moti munthu amatha kudzuka yekha kukafuna chakudya. Kusokonezeka mutu kumabwera pambuyo pake.

Mu 1997, gulu la madokotala ku London, mmene munali Krystyna Matyka ndi Stephanie Amiel, linatsitsa shuga mwadala ndi mosamala mwa amuna athanzi amisinkhu iwiri, ena a zaka za m'ma 20, ena a zaka za m'ma 60. Achinyamatawo anayamba kumva zizindikiro shuga ali pa 3.6, ndipo ubongo wawo unayamba kuchedwa kuganiza atafika pa 2.6. Anali ndi mpata wodzipulumutsa. Achikulirewo anayamba kumva zizindikiro pa 3.0, ndipo ubongo wawo unayamba kusokonezeka pa 3.0 pomwepo. Mpata uja unatheratu. Awatu anali amuna opanda matenda a shuga. Wodwala shuga kwa zaka zambiri zimamuipira kuposa apa, poti glukagoni yake imaleka kuyankha, ndipo shuga wokwera kwa nthawi yaitali amawononga minyewa yomweyo yochenjeza. Philip Cryer wa ku St Louis anaonetsanso kuti shuga akatsika kamodzi, chenjezo la ulendo wotsatira limafooka, moti ngozi imodzi imaitana inzake.

Taganizirani agogo aakazi a zaka 72 pa tsiku lawo la kiliniki ya shuga. Anauzidwa kuti abwere osadya kuti akayezedwe. Iwo ndi munthu womvera malangizo, ndiye mbandakucha amwa piritsi lawo la glibenclamide monga mwa masiku onse, amanga kabuku kakuchipatala m'chitenje, ayenda wapansi mpaka pamsewu. Pofika 11 koloko akadali pabenchi. Sakunjenjemera, sakudandaula njala. Mdzukulu amene wawaperekeza akungoona kuti agogo ayamba kupindapinda nsonga ya chitenje, akumuitana ndi dzina la mayi ake, akuyasamula pafupipafupi, ndipo atawafunsa ngati ali bwino amukalipira, chinthu chimene sachita. Mawu ayamba kulemera ngati a munthu woledzera. Pachipatala pali mwayi woti namwino angazindikire n'kuwabaya chala. Zomwezi zikachitikira kumunda kapena m'nyumba usiku, achibale amati ndi ukalamba, ena amati ndi sitiroko, ena amathamangira kwa sing'anga. Ndipo m'midzi mwathu, mmene wokalamba wopezeka akuyenda mosokonezeka usiku amatha kunenedwa ufiti n'kuchitidwa chipongwe, nkhaniyi si yachipatala chokha. Zimandiwawa kuganiza kuti munthu angagendedwe chifukwa cha vuto limene masupuni ochepa a shuga akanalithetsa.

Mankhwala ena amakulitsa ngoziyi. Glibenclamide, amene wagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala za kuno chifukwa ndi wotsika mtengo, amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikafooka monga zimachitira ndi ukalamba. N'chifukwa chake World Health Organization imati sayenera anthu opitirira zaka 60, ndipo imalimbikitsa gliclazide m'malo mwake. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Mankhwala ena a BP ndi mtima, monga propranolol ndi atenolol, amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, n'kusiya thukuta lokha ngati chizindikiro. Kwinini wa malungo amakankha kapamba kutulutsa insulini. Mowa, makamaka kachasu womwera pamimba yopanda kanthu, umatsekereza chiwindi kuti chisapange shuga watsopano, ndipo woledzera ndi wotsika shuga amaoneka chimodzimodzi.

Pali chikhulupiriro chakuti shuga akamatsika kwambiri ndiye kuti chithandizo chikuyenda bwino. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ACCORD, wa ku United States ndi Canada, anayesa zimenezi pa anthu 10,251 odwala shuga, a zaka 62 tikatengera pakatikati. Ena anapatsidwa mankhwala ambiri kuti shuga wawo afanane ndi wa munthu wosadwala. Mu 2008 mbali imeneyi ya kafukufukuyu inaimitsidwa nthawi isanakwane, chifukwa m'gulu lolimbikiridwalo munkamwalira anthu ambiri kuposa m'gulu linalo. Lero malangizo a madokotala m'mayiko ambiri amalola kuti wokalamba wofooka akhale ndi shuga wokwererapo pang'ono kusiyana ndi wachinyamata. Ine ndikuona kuti nzeru imeneyi ikuchedwa kufika m'makomo mwathu, mmene ana achikondi amamana makolo awo chakudya poopa shuga, mankhwala akumwedwabe mlingo womwewo.

Zimene zingatheke

Minyewa yokalamba sibwerera ku unyamata, koma katundu amene yasenza angathe kupepuka. Mu 2002, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku United States, wa anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga, anapeza kuti kuyenda kapena kulimbitsa thupi mphindi 150 pa mlungu pamodzi ndi kuchepetsako thupi kunachepetsa odwala ndi 58 pa 100. Mwa a zaka 60 kupita m'tsogolo kunachepetsa ndi 71 pa 100, kuposa misinkhu ina yonse. Chifukwa chake n'chomveka: mnofu umene ukugwira ntchito umatha kukoka shuga m'magazi popanda kudikira insulini yambiri. Kuyenda pang'ono mukangotha kudya, kupalira, kusesa pabwalo, zonsezi zimagwera pa nthawi yeniyeni imene kapamba wokalamba amachedwa. Kuwauza agogo kuti azingokhala poti akula, n'kuwalanda khasu ndi tsache, ndi ulemu umene umawapweteka. Mgaiwa, nyemba ndi masamba zimalowetsa shuga m'magazi pang'onopang'ono kusiyana ndi ufa woyera, buledi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo chakudya chogawidwa kangapo pa tsiku chimamukomera wokalamba kuposa mtanda umodzi waukulu wa madzulo. Ngakhale chenjezo lotayika lija limabwererako munthu akatha milungu ingapo shuga wake osatsika mopitirira.

Koma ntchito yaikulu ili kwa okhala nawo pakhomo, chifukwa chenjezo limene thupi la agogo lasiya kupereka liyenera kuchokera kwa inu. Wokalamba amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini akasintha khalidwe mwadzidzidzi, akasokonezeka, akagwa, akatuluka thukuta popanda chifukwa, yambani mwaganiza za kutsika kwa shuga. Ngati muli ndi kamakina koyezera, muyezeni. Chilichonse chochepera 3.9 n'chotsika. Ngati mulibe, musadikire. Akadali wotha kumeza, sungunulani masupuni atatu kapena anayi aang'ono a shuga m'madzi, amwe, ndipo pakatha mphindi 15 osasintha mubwereze. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, phala kapena nsima, ndipo ngati amamwa glibenclamide apitebe kuchipatala tsiku lomwelo, poti shuga angathe kutsikanso. Ngati wakomoka, musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupakeni shuga pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mankhwala musawasiyitse nokha. Pa ulendo wotsatira wa ku kiliniki, aperekezeni agogowo, mutenge mapaketi onse a mankhwala amene amamwa, a BP omwe, ndi kachakudya koti adye akangoyezedwa. Muwauze adokotala za tsiku lililonse limene anasokonezeka kapena kugwa, ndipo muwafunse mosapita m'mbali ngati mankhwala ndi mlingo umene anayamba nawo zaka zapitazo zikuyenerabe msinkhu umene afikawu.